Alendo a Mapiko pa Gombe la Norfolk

Tinafika ku Snettisham kudakali mdima wa ndiweyani. Wotchi ya m'galimoto inkaonetsa 6 koloko, koma kuno ku England dzuwa la Novembala ndi laulesi: limatuluka 7 koloko itadutsa kalekale, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Aneba anga, bambo wachingelezi amene anapuma pa ntchito yogawa makalata, anazimitsa injini n'kuyang'ana kumapazi kwanga.

"Nsapato zimenezo mulira nazo," anatero, akutulutsa majombo ena kumbuyo kwa galimoto.

Ndinavala osatsutsa. Zaka zitatu zathunthu anakhala akundinyengerera kuti tsiku lina ndipite nawo kukaona mbalame, ine n'kumazemba. Mwana wa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, amene anakula legeni ili m'khosi ndi ulimbo m'chitini, angadzukirenji usiku kukaona mbalame zoti sakadya? Koma mawu a akulu satopa, ndipo tsikuli ndinagonja.

Kuchokera poimika galimoto kukafika kugombe pali mtunda woposa makilomita awiri. Tinayenda mondondozana, tochi itaunika pansi, mphepo yakumpoto ikuluma makutu ngati ili ndi mano. Mitengo yonse inali itayoyola masamba, yangotsala mafupa okhaokha. Ino ndi nyengo imene kwathu tilibe dzina lake lenileni: chilimwe chawo chatha, chisanu chenicheni sichinafike, ndipo chilichonse chamoyo chili pa liwiro, china kuthawa, china kufika. M'mbali mwa njira munali maiwe aatali akuda bii. Anebawo anandiuza kuti si achilengedwe: pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu ankakumbapo nsangalabwi zomangira mabwalo a ndege zankhondo, maenjewo n'kudzaza madzi. Anandilozeranso khoma la dothi lotchinga nyanja. Usiku wa pa 31 Januwale 1953 nyanja inaliphwasula, ndipo anthu 25 anafa pa Snettisham pokha.

Munthu wakwathu amafunika kumufotokozera za nyanja ya kuno. Chilwa imaphwa pa nyengo, nthawi zina n'kuumiratu patapita zaka. Nyanja yamchere imabwera ndi kubwerera kawiri pa tsiku, chifukwa mwezi umakoka madzi. Pamalo pamene tinaima pali chigwa chachikulu cha nyanja chotchedwa The Wash, ndipo madzi akaphwa pamatsala matope ofika kumene diso lalekezera. M'matopemo ndiye muli nkhokwe ya mbalame: tinkhono, nyongolotsi, tinkhanu. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amakwera kwambiri mpaka kumiza matope onse, mbalame n'kusowa poponda. Aneba anasankha dala tsiku la mwezi wamdima. Akuti mwezi ukawala, atsekwe amachezera kudya m'minda usiku wonse, ndipo m'mawa supeza gulu lonyamuka.

Atsekwewo tinayamba kuwamva tisanawaone. Kutali pamatope kunkamveka phokoso ngati la msika wa Songani munthu akali patali, mawu ambirimbiri osamveka mutu wake. Kum'mawa kutayamba kufiira, phokosolo linakwera mwadzidzidzi, ndipo mzere woyamba unadzuka. Kenako wachiwiri, wachitatu, mpaka thambo lonse linadzaza mizere yosongoka ngati mitu ya mivi, ikudutsa pamwamba pathu kulowera kumtunda. Awa ndi atsekwe a mapazi ofiirira amene amaswana ku Iceland ndi ku Greenland. Amafika mu Seputembala ndi Okutobala, bambo, mayi ndi ana a chaka chimenecho, ndipo banjalo silisiyana mpaka chisanu chithe. Kulira konseko ndi kuitanana kwa apabanja kuti wina asasochere m'chikhamu. Ndinakhala chiyang'anire kumwamba mpaka khosi linawawa.

"Amenewo ndi oyamba chabe," anatero aneba. "Yang'anani pansi tsopano."

Madzi anali akubwera mwakachetechete, osachita mafunde, akungokwawa ngati mafuta otayika pa simenti. Patsogolo pa madziwo panali chinthu chotuwa chimene ndinkayesa mchenga. Ndiye mchengawo unayamba kuyenda. Zinali mbalame zotchedwa knot, zocheperako pang'ono kwa njiwa, zothinana moti pakati pake sipakanalowa singano. Madzi akazifika m'miyendo, zakumbuyo zinkauluka n'kukatera kutsogolo, gulu lonse likugubuduka ngati mphasa ikupindidwa. Malo atatheratu, zonse zinadzuka nthawi imodzi.

Zoterezi ndinazionapo kwathu, mpheta zikagwera m'munda wa mpunga, koma izi zinali zina. Chimtambo chija chinkatambasuka, kupindika, kuda bii zikatembenuza misana, kenako kuyera mbuu zikaonetsa mimba, zonse pakamodzi ngati pali wozilamula. Aneba anandigwira phewa n'kuloza kachidontho kakuda pamwamba pake: kabawi wa mtundu wa peregrine, amene akamatsika kudzagwira nyama amathamanga liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Anagwa ngati mwala, chimtambo chinang'ambika pakati n'kutsekanso, iye n'kutuluka chimanjamanja. Ndipamene ndinamvetsa kuti kuvina konseko ndi mantha. Mbalame ikakhala yokha ndi ndiwo. Ikakhala pakati pa anzake 50,000, diso la mdani limasokonezeka. Kenako zinawoloka khoma lija pamwamba pa mitu yathu penipeni. Sizinalire. Kunangomveka mapiko okha, waaa, ngati mvula yamkuntho ikubwera m'munda wa chimanga chouma.

Mu Okutobala 2020 owerenga anapeza mbalame za mtunduwu 140,000 pamalo ano tsiku limodzi, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo. Zimachokera ku Greenland ndi kuzilumba za kumpoto kwenikweni kwa Canada, kumene zimaswana zitavala nthenga zofiira ngati njerwa. Zikamafika kuno zimakhala zitasintha, zatuwa ngati phulusa. Nsonga ya mlomo wake imamva nkhono yobisika m'matope isanaikhudze n'komwe, ndipo imameza ndi chigoba chomwe, nthutumba n'kumaphwanya.

Tinalowa m'kanyumba kamatabwa kobisaliramo, koyang'ana pa dziwe limodzi mwa aja. M'kati munali anthu ngati makumi awiri, chete ngati m'tchalitchi pa nthawi ya pemphero. Kutsidya, gombe lonse la nsangalabwi linali litakutidwa ndi mbalame zija, zikukankhana, gulu likuyenderera uku ndi uku ngati phala likuwira. Mayi wina wa imvi, diso lili pa telesikopu, ankanong'oneza zilembo mnzake akulemba m'kabuku. Ataona kuti ndikusuzumira, anandipatsa malo. Pa mwendo wa mbalame imodzi panali kapulasitiki kokhala ndi zilembo, ndipo pa mwendo winawo kamphete kachitsulo. Anandifotokozera kuti pali gulu la anthu odzipereka limene lakhala likugwira mbalame za pa The Wash, kuziveka mphete ndi kuzimasula kuyambira mu 1959. Wina akawerenga zilembozo ku Iceland kapena ku Norway amatumiza uthenga, ndipo ulendo wa mbalameyo umadziwika.

Mtima wanga unagunda. Ndili ndi zaka ngati khumi, msuweni wanga anakola kambalame ka miyendo yaitali m'matope a ku Kachulu, ndipo pa mwendo wake panali kamphete koteroko, kolembedwa tizilembo tosaoneka bwino. Tinathamanga nako kwa agogo. Iwo anakayang'ana kanthawi, n'kunena kuti mbalame yovala mphete ili ndi mwini wake, ndipo mwini wa mbalame yakutchire sangakhale munthu wamba. Kamphete tinakataya m'madzi. Mbalameyo tinawotcha ndithu, chifukwa njala ilibe manyazi. Patatha zaka zoposa makumi atatu, m'kanyumba kozizira ka ku Norfolk, ndinazindikira kuti agogo sananame kwenikweni. Mwini wake analipo: munthu wina, kudziko lina lakumpoto, amene anaigwira m'manja, kuiyeza kulemera, kuilemba m'buku, n'kumadikira uthenga umene ife tinaumiza m'nyanja.

Madzi atayamba kubwerera, mbalame zinatuluka m'magulumagulu kubwerera kumatope, ife n'kubwerera kugalimoto, tiyi wa m'fulasiki n'kutitsitsimutsa zala. Tinatenga msewu wa A149 umene umatsata gombe, kudutsa Hunstanton kulowera kum'mawa. M'minda ina atsekwe aja anali atatera, mitu ili pansi. Kuno shuga sachokera ku nzimbe ngati ku Nchalo kapena ku Dwangwa. Amachokera ku mbewu ya muzu wonenepa yotchedwa sugar beet. Makina akakolola amasiya masamba ndi zidutswa za mizu, ndipo zimenezo ndizo zimakokera atsekwe ku Norfolk. Mlimi akafulumira kugalauza mundawo, atsekwe amasamukira m'munda wa tirigu wongomera kumene, mkangano n'kuyambika. Alimi ena amasiya dala zotsalirazo kuti tirigu apulumuke.

Pa mudzi wina aneba anaponda buleki mwadzidzidzi. Pafupi ndi kagolosale panali kamtengo ka zipatso zofiira, ndipo anthu asanu anali atakazungulira ndi makamera. M'mwamba munali mbalame khumi ndi ziwiri zonenepa, za nthenga zosalala ngati nsalu yodula, zokhala ndi tsumba pamutu ndi chikasu kunsonga ya mchira. Dzina lake ndi waxwing. Sizibwera chaka chilichonse. Zipatso zikabereka bwino kunkhalango za ku Scandinavia ndi ku Russia zimakhala komweko. Zikalephera, njala imaziwolotsa nyanja, monga zinachitira kumapeto kwa 2023 pamene zinadzaza matauni a Britain. Sizinkaopa munthu. Zinkatsika zonse pamodzi, kumeza zipatso mwaphuma osatafuna, n'kubwerera pa mlongoti wa wailesi yakanema kukapuma. Sizinapite kutchire kapena kumalo otetezedwa. Zinasankha kamtengo ka pafupi ndi bini ya zinyalala, chifukwa mlendo wanjala safunsa ulemu wa nyumba.

Cha m'ma 10 koloko tinali ku Titchwell Marsh, dambo limene bungwe loteteza mbalame la RSPB linagula mu 1973. Bungweli linayamba mu 1889, amayi ena atanyansidwa ndi kuphedwa kwa mbalame chifukwa cha nthenga zokongoletsera zipewa, ndipo lero mamembala ake amaposa miliyoni imodzi. Pa Titchwell pali njira imodzi yowongoka, ya kilomita imodzi, yochokera kumitengo kukafika kunyanja, ndipo ukamayenda madzi amanka nasintha: koyamba bango la madzi abwino, kenako dziwe losazama, kenako madzi amchere, pomaliza mchenga.

Bango linandikumbutsa kwathu kuposa chilichonse chimene ndaona m'dziko lino. Fungo lake la matope owola ndi lomwelo. M'ngalande ina munamveka kulira ngati kwa kankhumba kakuphedwa, ndipo ndinadumpha. Aneba anaseka, akuti ndi kambalame kobisala kotchedwa water rail. Patsogolo pang'ono tinaima nthawi yaitali, mphepo itadekha, kumvetsera kaphokoso ngati ka waya wa njinga ukamenyedwa ndi kamwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Potsiriza tinatulukira timbalame titatu ta michira yaitali, tamphongo tili ndi mizere yakuda m'masaya ngati ndevu za mfumu yakale. Timeneti, totchedwa bearded tit, sitisamuka. M'chilimwe timadya tizilombo; tizilombo tikatha, timasintha n'kuyamba kudya njere za bango, ndipo timameza timiyala tothandiza kupera njerezo. Ena amathawa njala ndi mapiko, awa amaithawa posintha mimba.

Tili pa dziwe losazama lija, aneba anandiuza za mbalame ina imene inatchuka kuno kuposa nduna. Inali ya miyendo yaitali yofiira, msana wakuda, mimba yoyera, ya mtundu wa black-winged stilt. Inatera pa Titchwell mu 1993 ili yokha, n'kukhala mpaka 2005, yopanda mnzake wa mtundu wake. Anthu anaipatsa dzina loti Sammy, ndipo ankachokera kutali kudzangoiona. Atandionetsa chithunzi chake m'buku, ndinaseka mpaka misozi. Mbalame zimenezi pa Chilwa timaziona zikupondaponda m'madzi osazama, ndipo palibe amatembenuka n'komwe.

"Mukunena zoona?" anafunsa aneba, maso ali tong'o.

"Zoona, bambo. Kwathu imeneyo siimitsa ngakhale mwana wotumidwa kukagula mchere."

Foni yawo inalira tisanafike kumchenga. Anawerenga uthengawo, nkhope n'kusintha ngati ya mwana womva kuti kwabwera alendo a mpunga. Ku Holkham, m'nkhalango ya m'mbali mwa nyanja, munthu wina anali ataona kambalame kachilendo kotchedwa Pallas's warbler. Bambo amene m'mawa onse ankadandaula bondo anayenda ulendo wobwerera kugalimoto ine ndikuchita kuthamangira pambuyo.

Ku Holkham umalowera pa msewu wowongoka wotchedwa Lady Anne's Drive, madambo a msipu ali uku ndi uku. Tikutsika m'galimoto, maso anga anagwera pa ng'ombe zimene zinkadya chapafupi, ndipo pakati pa miyendo yake panali mbalame zinayi zoyera, zofupika makosi, zikuyenda modukula mitu.

"Akakowa!" ndinafuula m'Chichewa, osazindikira.

Anali akakowa enieni, omwe aja otsata ng'ombe ku Phalombe, akudikira ziwala zodzidzimutsidwa ndi ziboda. Aneba anati ali mnyamata, munthu akanena kuti waona kakowa wa ng'ombe ku Norfolk ankamuyesa wabodza kapena woledzera. Mbalamezi zinaswana koyamba m'dziko la Britain mu 2008, ku Somerset, ndipo chifukwa chisanu chanka chichepa mphamvu, zakhala zikukwera kumpoto. Ndi mbalame yosaopa ulendo: inawoloka yokha nyanja ya Atlantic kuchoka ku Africa, n'kuoneka ku South America cha m'ma 1870. Chapatali pang'ono panali atsekwe awiri a mawanga ofiirira m'maso, amene aliyense woyendapo m'bwato pa Shire ku Liwonde amawadziwa. Amenewa sanabwere okha. Makolo awo anabweretsedwa zaka zoposa 300 zapitazo kudzakongoletsa maiwe a anthu olemera, ena n'kuthawa. Mpaka lero amaikira mazira molawirira, chisanu chisanathe, ngati kuti thupi silinaiwale kalendala yakwawo.

Ndikanakhala pomwepo, koma aneba anandikoka. Tinatsata njira ya kuseri kwa mitengo ya paini, imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1800 kuti igwire milu ya mchenga. Titayenda kanthawi tinapeza anthu ngati makumi anayi ataima mwakachetechete, onse atayang'ana mtengo umodzi wa masamba obiriwira. Panali achikulire a ndodo, anyamata a makamera aatali ngati mitondo, mayi wina ndi mwana kumsana m'chikwama. Wina anali atachokera ku Leicester m'mawa womwewo, ulendo wa maola oposa awiri. Anthu otere kuno amawatcha ma twitcher: akamva za mbalame yachilendo amasiya ntchito, chakudya, ngakhale mkangano wa m'banja.

Tinadikira mphindi makumi anayi. Zala zakumapazi zinafa dzanzi. Kenako kunabwera kagulu ka timbalame tosiyanasiyana tikulira tsii-tsii, tikudumpha nthambi ndi nthambi, ndipo munthu wina ananong'ona kuti, "Ako, kumanzere, pamwamba pa nthambi youma." Magalasi onse oonera patali anakwera nthawi imodzi. Ine ndinasakasaka, kuona masamba okhaokha, mpaka aneba anandigwira mutu n'kuutembenuza ngati wa mwana wometedwa.

Kanali kakang'ono kuposa timba. Kobiriwira pamsana, koyera kumimba, mizere yachikasu pamwamba pa maso, wina pakati pa mutu, iwiri pa phiko. Sikankakhazikika. Kenako kanachita chimene onse ankadikira: kanaima m'malere kunsonga ya tsamba, mapiko akunjenjemera, kakutola kachilombo kunsi kwa tsambalo, ndipo pamwamba pa mchira panaoneka kachigamba kachikasu ngati ndimu yakupsa. Gulu lonse linapuma mpweya umodzi. Masekondi khumi, mwina khumi ndi asanu, kenako kanalowa m'masamba.

Kambalame kameneka kamalemera ngati shuga wa pa supuni yaing'ono, magalamu asanu kapena asanu ndi limodzi. Kamaswana m'nkhalango za kum'mwera kwa Siberia, mtunda woposa makilomita 5,000 kuchokera pamene tinaima, ndipo nyengo ino kamayenera kukhala kum'mwera kwa China kapena maiko oyandikana nawo. Dzina lake ndi la Peter Simon Pallas, katswiri wa ku Germany amene anayendera Siberia m'zaka za m'ma 1700. Koyamba kudziwika m'dziko la Britain kanaomberedwa ndi mfuti ku Cley, pa gombe lomweli, mu 1896. Masiku amenewo umboni wa mbalame yachilendo unali mtembo wake. Tambiri tofika kuno ndi tiana tosakwana chaka. Mosiyana ndi atsekwe aja, timbalame totere timauluka usiku popanda kholo lotsogolera, njira ili m'magazi. Akatswiri ena amaganiza kuti mwa tina kampasi ya m'mutuyo imatembenuka, n'kulowera kumadzulo m'malo mwa kum'mawa, ndipo mphepo yochokera kum'mawa imatikankha mpaka kuwoloka nyanja ya North Sea. Mitengo ya Holkham ndiyo yoyamba kuiona kakatopa.

Anthu anayamba kugwirana chanza, ena kuonetsana zithunzi. Aneba analemba m'kabuku kawo, dzanja likunjenjemera. Ine chimwemwe chinali chosakanikirana ndi chisoni. Tonse tinkasangalala ndi kulakwitsa kwa kamwana kosochera, kamene mwina sikadzaonanso mtundu wake.

Tinatulukira kugombe kudzera pampata wa pakati pa mitengo. Mchenga wa Holkham ndi wotambalala moti nyanja imaoneka ngati kamzere chabe. Pamalo pena, potchingidwa ndi chingwe kuti agalu ndi anthu asapondepo, timbalame tisanu ndi tiwiri ta nkhope zachikasu ndi zakuda, totchedwa shore lark, tinkakwawa ngati mbewa, tikutola njere. Timachokera kumapiri a ku Scandinavia, ndipo kwa ito kuzizira kumene kunkandiliza ine ndi kotentha. Kagulu kena ka snow bunting kanadzuka patsogolo pathu, mapiko oyera akuphethira ngati mapepala ouluzika. Ndinayamba kuona kuti gombe lino ndi siteshoni ya basi: wina akutsika chifukwa wafika, wina akungodutsa, wina wakwera basi yolakwika.

Wa basi yolakwika wina tinamupeza pobwerera. Kuseri kwa mitengo, kumene mphepo sinkafika ndipo kadzuwa kofooka kankawomba, kambalame kamodzi kankauluka chapansipansi, kupita ndi kubwera. Kauluke kake sindikanakasokoneza ndi kena.

"Namzeze," ndinatero.

Aneba anapukusa mutu. Anamzeze a kuno amanyamuka mu Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Amadutsa France ndi Spain, kuwoloka chipululu cha Sahara ndi nkhalango za Congo, mpaka kum'mwera kwa Africa, ulendo wa makilomita pafupifupi 10,000. Zimenezi zinadziwika ndi mphete yomwe ija: namzeze wovekedwa mphete ku Staffordshire mu Meyi 1911 anapezeka pa famu ina ku Natal, kum'mwera kwa Africa komweko, mu Disembala 1912. Asanadziwe zimenezi, makolo a Angelezi ena ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe chisanu chonse. Uyu wathu anali mwana wa chisa chomaliza, mchira usanatalike, wochedwa ndi miyezi iwiri. Namzeze amadya zouluka zokhazokha, ndipo usiku umodzi wa chisanu choopsa umatha kuzimaliza zonse.

"Anzake ali kwanu tsopano," anatero aneba.

Sanalakwe kwambiri. Novembala kwathu ndi mwezi wa kutentha koswa mtengo, mitambo ikusonkhana kumapiri a Zomba ndi Mulanje, ndipo anamzeze ochokera kumpoto amakhala atandanda pa mawaya a magetsi, kudikira mvula yoyamba kuti itulutse zouluka. Tili ana tinkati abwera ndi mvula, osafunsa kuti achokera kuti. Chilwa ndi The Wash zili pa mndandanda umodzi wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano limene linasainidwa ku Ramsar, m'dziko la Iran, mu 1971. Kale ndinkaziona ngati nkhani za m'maofesi. Nditaima pamenepo, ndikuyang'ana namzeze wochedwayo, ndinaona kuti ndi nkhani ya nyumba ziwiri za mlendo mmodzi. Imodzi ikapsa, inayo imakhalanso yopanda wolowamo.

Dzuwa linalowa ngati lathamangitsidwa. Tili pa Lady Anne's Drive, chinthu choyera chinatulukira m'mbali mwa ngalande, chikuuluka mwakachetechete, chikuima m'malere, n'kugwera mu udzu. Kadzidzi woyera nkhope, yemwe uja amalira pa denga la tchalitchi kwathu anthu n'kuyamba kunong'onezana za maliro. Thupi langa linachita tsemwe lisanandifunse. Pambali panga kamtsikana kena kanawomba m'manja, bambo ake akukanyamula kuti kaone bwino. Kuno alimi amamukhomera mabokosi m'nkhokwe kuti aswane, chifukwa amawathera mbewa. Ndinadzikakamiza kumuyang'ana m'magalasi mpaka anadzuka, mbewa ili lende ku zikhadabo. Anali wokongola, ndipo ndikuvomera kuti tsemwe lija silinathe.

Kenako atsekwe anayamba kubwera kuchokera kuminda, mizere pa mizere pa thambo lofiira, akugwa m'dambo mopidiguka ngati masamba. Aneba anatsegula kabuku kawo pa boneti ya galimoto n'kuwerenga mitundu imene tinaona: 74. Anandifunsa kuti mwa zonsezo yandigwira mtima ndi iti, akuyembekeza kuti nditchula kachilendo ka ku Siberia.

Ndinaloza kumene kunali ng'ombe zija. Akakowa anayi aja anali atanyamuka, akuuluka motsatana kupita kogona, oyera mbee mumdima wongoyamba.

"Mwati kwanu mumazitcha chiyani?" anafunsa, cholembera chili m'manja.

Ndinawatchulira pang'onopang'ono, iwo akulemba chilembo chimodzichimodzi pambali pa dzina lachingelezi. Kenako anang'amba tsamba lakumapeto kwa kabukuko, n'kulembapo keyala ya pa intaneti yotumizirako nambala za mphete za mbalame. Anati ndikaimba foni kumudzi ndiwauze ana a ku Kachulu kuti akadzakolanso yovala mphete, ajambule kaye nambalayo.

"Nanga mbalameyo, bambo?" ndinafunsa.

Anakhala chete pang'ono, akuyang'ana atsekwe omaliza akutera.

"Imeneyo mukambirane ndi agogo anu," anatero. "Ine ndikungopempha nambala."